Wosiya Kachasu Atakalamba Angakonzenso Chiyani?

Kuno ku Molumbo tili ndi anzathu amene anasiya kachasu imvi zitamera kale. Ena a iwo amati: "Zaka zinatha. Ndalama za nandolo zinathera ku mowa. Tikonzerenso chiyani?"

Tisanamizane, zaka zotayika sizibwerera. Koma tikumbukire pamene nkhondo inatha mu 1992. Ambiri a ife tinabwerako ku Malawi n'kupeza minda yathu itasanduka tchire. Palibe amene analima munda wonse tsiku limodzi. Tinayamba ndi ndime imodzi.

Wosiya mowa nayenso aziikire ndime yake. Lero asamwe. Mwezi uno aphunzire kulemba dzina lake. Pokolola asunge thumba la chimanga, amugulire mdzukulu kope. Chaka chamawa afolere nyumba. Munthu wopanda chimene akudikira sachedwa kubwerera kumene anachoka.

Amene ankamwa tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, ena mpaka kukomoka. Woteroyo timuperekeze kuchipatala, si manyazi ayi.

Nanga akamwanso? Tisamuseke. Udzu ukameranso timapalira kachiwiri, munda sitiutaya.

Ndipo amene mphamvu zinatha abzale mtengo wa mango pakhomo. Mwina iye sadzadyako, koma adzukulu adzati: "Uwu anabzala ndi agogo."

Tikambirane:
1. Kodi munthu amakalambira kuyambanso?
2. Mnzathu wosiya kachasu tingamuthandize bwanji pa tsiku la msika?
3. Ndime yathu ya chaka chino ndi iti?