Tsamba la fodya linawalapo ngati chiphaniphani

Njere ya fodya sutola ndi zala. Ndi fumbi lenileni, pa galamu imodzi zimaposa 10,000, n'chifukwa chake mlimi wa ku Santhe amazisakaniza ndi madzi mu keni pofesa nazale. Koma m'kafumbi kameneko munalembedwa kale zonse: kutalika kwa phesi, kukula kwa tsamba, ngakhale lamulo loti nikotini aziphikidwa ku mizu n'kumakwera kumasamba kukaopseza mbozi. Ife timangowerengera mabelo opita ku Chinkhoma. Mlengi anaikamo zoposa pamenepo.

Alangizi amaletsa kusuta pa nazale, ndipo amati musambe m'manja musanagwire mbande. Amaopa nthenda ija yochititsa masamba mawangamawanga. Mu 1892, Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anasefa madzi a masamba odwala chonchi pa sefa yosadutsa bakiteriya, koma madziwo anadwalitsabe fodya wina. Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anabwereza mu 1898, n'kutcha chinthu chosaonekacho vairasi. Vairasi yoyamba kudziwika padziko lapansi inapezeka pa mbewu yomwe timayanika m'zigafa.

Chondisowetsa tulo ine ndi cha 1986. Akatswiri a ku San Diego anatenga jini ya chiphaniphani (majini awa si aja a asing'anga, ndi malangizo olembedwa mu DNA) n'kuilowetsa m'maselo a fodya. Atamuthirira mankhwala omwe kachilomboka kamayatsira nyale yake, fodyayo anawala mu mdima. Kuwala kwake kunali kofooka, kofuna kamera yodekha, koma kunalipo. Taganizani! Tsamba lilibe maso, lilibe mapiko, silinayambe lafunsirapo mbeta usiku monga chichitira chiphaniphani. Komabe linawerenga kalata ya kachilomboko osaphonya chilembo. Ndiye kuti dzanja lolemba ndi limodzi, chinenero chake chimodzinso, kuyambira ku nyerere mpaka kwa ine amene ndikulemba pano.

Pofika 1989, gulu la Andrew Hiatt linapangitsa fodya kutulutsa mapuloteni omwe asilikali a m'thupi la mbewa amagwirira adani. Ebola itavuta kumadzulo kwa Africa mu 2014, odwala ena anapatsidwa ZMapp, mankhwala okololedwa m'masamba a Nicotiana benthamiana, msuweni wa fodya wathu wochokera ku Australia. Wonyamula malangizo kulowa nawo m'tsamba ndi bakiteriya wa m'dothi, Agrobacterium, yemwe wakhala akuchita zimenezi ku zomera kuyambira kalekale munthu asanazitulukire. Pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, masamba amathyoledwa, kusinjidwa, mankhwala n'kusefedwa. ZMapp anadzaposedwa ndi mankhwala ena, inde, koma njira inali itatseguka: mu 2022 dziko la Canada linavomereza katemera wa Covid-19 wopangidwa m'masamba a chomera chomwechi.

Sindikuyeretsa fodya ayi. Utsi wake wapha anthu osawerengeka, ndipo matenanti ambiri fodyayu wawathera mphamvu osawasiyira kanthu. Koma anthu ophunzirawa sanalengepo selo ngakhale limodzi la tsambalo. Anangolipempha, ilo n'kuvomera.

Mvula ikagwa mu Disembala, mukamaokera mbande m'mizere madzulo ziphaniphani zitayamba kuthwanima kudambo, imani kaye pang'ono muziyang'ane zonse ziwiri.