Mfuti ikakana, tisathamangire kufunsa kuti ndani

Pa Nayuchi pabuka kamkangano komwe kandisowetsa mtendere. Wamalonda wina, yemwe ali ndi chiphaso cha kupolisi, anagula pisitolo yatsopano ya .22. Poyiyesa, inkalira kawiri katatu n'kukakamira. Pena khoko la chipolopolo linkatsalira m'kati, pena chipolopolo chinkapingasa pakamwa pa magazini. Mkulu wina atamva, mlandu anaugamula pompo: "Yatsopano siikana. Imeneyo aimanga."

Ine ndikuti sanaimange. Ndipo chizolowezi chathu chofunsa kuti "ndani" tisanafunse kuti "chavuta n'chiyani" n'choopsa kuposa kukakamira kwa chitsuloko.

Chipolopolo cha .22 LR n'chakalekale, chinatuluka ku America mu 1887. Mankhwala oyatsira wonga sakhala pakati pa thako lake monga zilili ndi cha AK-47, koma m'kamkombero kozungulira m'mphepete. Akapanda kufalikira bwino pochipanga, kansonga koombera chipolopolo kamamenya popanda kanthu, mfuti n'kungoti zii. Kamkombero komweko ndiko kamasokoneza magazini: ka chipolopolo chapamwamba kakagwera kumbuyo kwa ka chapansi, ziwirizo zimakolana, ndipo chapamwambacho sichikwera. Sipuling'i yatsopano imakhalanso yolimba, milomo ya magazini ikapindika pang'ono chabe chipolopolo chimalowa chokhota. N'chifukwa chake amisiri amayamba ayesa magazini ina asanakhudze mfutiyo.

Kutulutsa khoko nako kuli ndi zifukwa zake. Pisitolo zotere zimadzikoka ndi mphamvu ya chipolopolo chomwe chaphulikacho, choncho chikakhala chofooka chitsulo cha pamwamba sichibwerera mokwanira. Zipolopolo zimenezi amazipaka phula, ndipo phulalo likasakanikirana ndi mwaye, girisi wa kufakitale ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, khoko limamatirira moti kambedza kolikoka kamangoterereka. Winanso amakonda kuikhethemula mfutiyo yopanda chipolopolo. Pa mfuti zambiri za mtunduwu kansonga kamatiwiza m'mphepete mwa chibowo, makoko n'kuyamba kukodwa. Zonsezi zimaoneka ndi maso. Sing'anga alibepo gawo.

Ndili mwana kumudzi kunali alenje a gogodela, othira wonga pakamwa pa mpope n'kutsendera ndi kamtengo. Nthawi ya dzinja wonga unkanyowa, mfuti n'kukana pamaso pa nguluwe. Koma mlenje pobwerera kumudzi sankanena za chinyezi. Ankayang'ana mkazi wake ndi diso lofiira, amvekere wayenda njira zachilendo iye ali kutchire. Mayi wosalakwa ankalipira mlandu wa mvula. Chimene chimandiwawa pa mawu oti "aimanga" n'chimenechi: sathera pa mfuti, amafuna munthu. Lero akhala mnzake wa pamsika, mawa gogo wa kuseri kwa njanji.

Alipo amene anganditsutse, ndipo mtsutso wawo sindikuupeputsa. Anganene kuti, kodi pamalire ngati pano mpofotokozera anthu mmene mfuti imagwirira ntchito? Njanji yochokera ku Nkaya, yomwe inatsegulidwa mu 1970, imangodutsa pa Nayuchi n'kulowa ku Entre Lagos, tsidya lina la malire, ndipo akuluakulu a kuno akukumbukira zimene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inachita nayo. Akukumbukira othawa nkhondo, akukumbukiranso kuti mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 mfuti zina sizinabwerere kwa eni ake, zinayamba kulira m'magolosale mwathu usiku. Munthu woona zimenezo akamva kuti mfuti yakana amati zikomo. Kwa iye, bola anthu aziiopa ngati chinthu cha mizimu kusiyana n'kuti aizolowere ngati njinga.

Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma umbuli sunatetezepo munthu kwa mfuti. Tsidya linalo, m'zigawo za Zambezia ndi Nampula, gulu la Naparama linkapita kunkhondo ndi mikondo, litatemera mphini zoti zipolopolo zisalowe m'thupi. Mtsogoleri wawo, Manuel António, anaphedwa kunkhondo komweko mu Disembala 1991. Ngakhale pakhomo, mfuti yokakamira ndiyo yoopsa zedi. Chipolopolo china chimachedwa kuyaka. Wodziwa amailozetsa kopanda anthu, n'kudikira, kenako n'kuchotsa magazini ndi kuona ngati m'chibowo mulibe kanthu, poti magazini ikachoka chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira. Wokhulupirira kuti yamangidwa amaitembenuza n'kusuzumira mumpope, ana atamuzungulira.

Komabe polingalira ndaona kuti mkulu uja, mosadziwa, anakhudza china choona. Amene ali ndi chikhulupiriro chosayesedwa si iye yekha. Wamalondayo naye anagula pisitolo ngati chithumwa, poganiza kuti chinthu chodula, chotuluka m'katoni, sichingamugwiritse mwala. Onse awiri akugwirizana kuti yatsopano siikana. Akusiyana pongofotokoza chifukwa chake yakana. Chonsecho chitsulo chatsopano chimafuna kupukutidwa, kuyesedwa ndi zipolopolo zosiyanasiyana, ndi mwini wake woti waphunzitsidwa. Lamulo la mfuti la 1967 limapatsa munthu chilolezo chosunga mfuti, koma pepalalo silimuphunzitsa kuisamala.

Tsono langizo langa kwa wamalondayo n'losasangalatsa. Aitsuke monga buku lake likunenera, ayese magazini ina ndi zipolopolo za mtundu wina, ikapitiriza aibweze kwa amene anamugulitsa kapena akafunse kupolisi za mmisiri wovomerezeka, osati wowotcherera mageti. Akatero adzifunse ngati akuifunadi m'nyumba momwe muli ana. Koma anansi ake awasiye, alibe mlandu.