Usanasiye khanda m'manja mwa eni

Mwanangu, ndamva kuti tchuthi chako cha uchembere chili pafupi kutha, ndipo iwe ndi bambo a mwana mwayamba kale kuyendayenda kufuna komusiya masana. Takhala pansi ndikuuzeko, nkhani imeneyi si yochitira phuma.

Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata 8 okha, kamodzi pa zaka zitatu. Achipatala nawo amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, osalawa madzi kapena phala. Werengetsa wekha: ukubwerera ku ntchito khosi la mwana lisanalimbe n'komwe. Ife tinkapita naye kumunda ali kumsana, tikatopa agogo ake n'kutilandira. Inu a m'tauni agogo ali kutali, nyumba ndi yalendi, oyandikana nawo onse amalawirira kokasaka ndalama. Choncho sindikuona cholakwa kuti mwana azikakhala ku nazale. Changa n'chakuti usankhe ndi maso, osati ndi makutu.

Ukafika, mwini malo adzayamba kukuonetsa khoma. Penti wowala, zithunzi za njovu ndi nyalugwe, ma ABC, wailesi ya kanema pakona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khanda la miyezi itatu silidziwa ABC. Limadziwa manja amene alinyamula likalira, basi. Ndiye iwe uyamikire khomalo mwaulemu, kenako uwerenge alezi ndi makanda. Mlezi ali ndi manja awiri ndi msana umodzi. Makanda atatu angawakwanitse. Akafika asanu kapena asanu ndi mmodzi, dziwa kuti tsiku lililonse pali wina amene amalira mpaka kutopa yekha. Uwerenge wekha, usafunse mwini malo, chifukwa iye powerenga amaphatikizapo wophika, mlonda ndi iye mwini amene amakhala mu ofesi. Ufunsenso kuti mlezi akapita kukadya, akadwala kapena akapita kumaliro, amatsala ndi anawo ndani.

Ulendo woyamba upangane nawo, palibe vuto. Wachiwiri ungotulukira, cha m'ma 11 koloko, nthawi imene njala yayamba ndipo matewera anyowa. Vula nsapato, khala pansi pamodzi ndi anawo, usamalankhule zambiri. Mwana akalira, ona kuti papita nthawi yaitali bwanji asanamunyamule, ndiponso amunyamula bwanji: modekha, mutu ataugwirira, kapena momukoka dzanja limodzi foni ili kukhutu. Mlezi weniweni amadziwa mwana aliyense dzina lake, amadziwa kuti uyu salira njala koma tulo, amalankhula naye pomusintha thewera ngakhale mwanayo sayankha. Zimenezi munthu sangazinamizire kwa ola lathunthu. Akakukaniza kulowa, ati makolo amathera pageti, bwerera ndipo usadzapitekonso.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiopsa kuposa phokoso, ndicho bata. Makanda sagona onse nthawi imodzi ngati asilikali. Ukapeza nthawi iliyonse ali gone, kapena wako akamabwera kunyumba ali lenda, osafuna bere, funsa mosanyengerera ngati sapatsidwa mankhwala. Piriton amagonetsa, ndipo si wa mwana wosakwana chaka. Uwauze tsiku loyamba lomwe kuti mwana wako asamwetsedwe kanthu kalikonse, ngakhale Panado, iwe usanadziwe.

Umufunse mlezi yekha, mwini malo atapatukako, kuti wagwira pamenepo nthawi yaitali bwanji. Pamene alezi amasinthasintha mwezi ndi mwezi pamakhala vuto la malipiro, ndipo munthu amene sanalandire miyezi iwiri sakhala ndi mtima woleza kwa mwana wa wina. Khanda nalo limafuna nkhope imodzi yoizolowera. Za chiphaso funsa ndithu, ndipo ukakayika pita ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu kwa DC ukamve ngati malowo akuwadziwa. Sukulu za mmera mpoyamba za m'madera zikugwira ntchito yabwino, koma zambiri n'za ana a zaka zitatu mpaka zisanu, oyenda ndi olankhula, ndipo amaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Si za khanda.

Tsopano madzi. Sunaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kwa khanda, ngakhale kutsegula m'mimba wamba kumalifooketsa tsiku limodzi. Ndiye pempha kuti akuonetse posinthira matewera ndi pokonzera chakudya. Pakakhala pamodzi, kapena thaulo n'limodzi la ana onse, pamenepo si pabwino. Pita posambira m'manja ukagwire sopo. Sopo wogwira ntchito amakhala wonyowa, woterera, wotha m'mbali. Ukapeza wouma, wong'alukang'aluka, fumbi lili pamwamba, ameneyo ndi woonetsa alendo. Mipopi ya m'tauni mwathu imauma, choncho funsa kuti madzi akasiya amatani. Akamasunga m'ndowa, zikhale zovindikira ndiponso kutali, pakuti mwana wokwawa akagwera chamutu m'ndowa satha kudzidzutsa, ngakhale madziwo akhale ochepa. Mbaula nayo isayandikire kumene kuli ana.

Za mkaka ndiye umvetsetse. Lamulo lija linakonzedwanso mu 2021, ndipo mayi woyamwitsa amaloledwa theka la ola kawiri pa tsiku kukayamwitsa. N'chifukwa chake ine ndimati malo oyandikira kuntchito amaposa oyandikira kunyumba. Theka la ola limathera pa siteji ukudikira minibasi kuti idzaze. Zikakanika, uzifinyira mkaka m'kapu yotsuka bwino, yovindikira, yolembedwa dzina la mwana. Kunja kukutentha usapitirire maola anayi uli pamtunda. Ngati ali ndi fuliji, funsa kuti magetsi akathima amatani. Mlezi umuonetse kumwetsa ndi kapu, mwana atamukhazika pamwendo. Botolo limavuta kutsuka, ndipo alezi otanganidwa amakonda kulitsamiritsa pa pilo n'kuchokapo, mwana n'kutsamwa palibe woona. Adzakuuzanso kuti mwana wako amalira chifukwa mkaka sukumukwana, timupatseko kaphala kamadzimadzi. Ukane. Phala lidikire miyezi 6.

Pogona, mwana agone chagada, pamatilesi olimba, popanda pilo kapena zidole, m'neti yakeyake, ndiponso kosafika ana akuluakulu othamanga aja.

Akakulandira osafunsa kabuku ka kusikelo, dziwa kuti ana enawonso sanawafunse. Katemera wa chikuku amayamba pa miyezi 9, ndiye kufikira pamenepo mwana wako akudalira kuti anzakewo anabayitsa. Malo abwino amabweza mwana wotentha thupi kapena wotsegula m'mimba, ngakhale mayi ake akwiye. Tsiku lina wobwezedwayo adzakhala wako, iwe uli ndi msonkhano kuntchito, usadzanyanyale. Udziwe chipatala chimene amathamangirako zikavuta, ndipo ulembetse maina a anthu oyenera kudzatenga mwana. Wina aliyense, kaya anene kuti ndi malume ake, asapatsidwe.

Usadikire tsiku lobwerera ku ntchito. Yamba sabata imodzi tchuthi chisanathe, uzimusiya maola awiri kapena atatu. Masiku oyamba adzalira, nawenso udzalira, zimenezo n'zachibadwa. Madzulo uzimusambitsa wekha kapena bambo ake, muziona m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Werenga matewera amene abwerako: ukapereka asanu n'kubwera anayi osagwiritsa ntchito, mwanayo wasinthidwa kamodzi kokha tsiku lonse. Liwombo likalowa m'kati, musachedwe ndi kufunsana, pitani kuchipatala. Ukaona mabala osadziwika chiyambi chake, mchotse tsiku lomwelo, ndipo ukanene kupolisi kapena uimbe 116 kuti ana a anzako otsalawo athandizidwe.

Ikadzafika nthawi yoti mwana akaona mlezi azitambasula manja n'kumusekerera, usachite nsanje. Wapeza pabwino. Mleziyo uzimupatsa moni ndi dzina lake, ukamachokera kumudzi umutengereko mbatata kapena mtedza. Fizi uzilipira pa tsiku lake, chifukwa malipiro ake amachokera pomwepo. Ndipo akati kutseka ndi 5 koloko, mugawane ndi bambo a mwana kuti mmodzi azifika nthawi yake. Mleziyo naye ali ndi ana amene akumudikira, ndipo kwawo amakwera minibasi ziwiri.