Mawu a Bambo Mfumu: Wothamanga ndi Uthenga, Wanyamula Chiyani?



Ambiri mwa inu mukukumbukira mwezi wa Disembala 2022, pamene mzinda wa Lilongwe unalandira masewera a achinyamata a Region 5, chigawo cha maiko khumi a kuno kummwera kwa Africa. Kunali mpira wamiyendo, mpira wamanja, nkhonya, kusambira, kuthamanga ndi masewera ena. Pa wailesi tinkamva maina a opambana. Koma ntchito yambiri inagwiridwa ndi anthu amene maina awo sanatchulidwe paliponse, anyamata ndi atsikana ongodzipereka: olondolera alendo pokhala, onyamula madzi, omasulira Chipwitikizi kwa anzathu a ku Angola ndi Mozambique, ndi ena amene ankafalitsa nkhani za masewerawo pa Facebook ndi pa masamba ena a intaneti.

Mmodzi mwa ofalitsa nkhaniwo anali mnyamata wa m'parishi yathu ino. Zimene ndilembe pano anandifotokozera tili pakhonde, osati m'malo olapira, ndipo wandilola kuti ndikuuzeni popanda kutchula dzina lake.

Ntchito yake inali yotere. M'mawa ankavala malaya a ongodzipereka, chiphaso m'khosi, foni m'manja, n'kukaima m'mbali mwa bwalo la othamanga. Mpikisano ukatha ankadikira kuti oweruza atsimikize zotsatira, n'kulemba bwino dzina la wopambana, dziko lake ndi nthawi imene wathamanga, kenaka n'kutumiza pamodzi ndi chithunzi kwa mkulu wawo woyang'anira tsamba. Malipiro panalibe. Batire ikatha, ikhale nkhani yake; dzuwa likamuwamba, zake zomwezo. Iye akuti ankasangalala kwambiri, chifukwa anthu akutali ankaona masewerawo kudzera m'maso ake.

Tsiku lina mtsikana wina wa dziko lachilendo anapunthwa atatsala pang'ono kumaliza mpikisano, nagwa chafufumimba. Mnyamata wathuyo anali akujambula. Anadziwa kuti kanemayo sangaloledwe pa tsamba la ntchito, choncho anamuika pa tsamba lake, n'kulembapo mawu oseketsa. Pofika madzulo anthu ochuluka anali ataonera, kuseka ndi kutumizirana pa WhatsApp. Anagona mtima uli m'mwamba, akudziona kuti tsopano watchuka.

M'mawa mwake mayi wina amene ankayang'anira timu ya mtsikanayo anamufunafuna mpaka anamupeza. Sanamukalipire. Anangomuuza kuti amayi ake a mtsikanayo anaona kanemayo kwawo usiku, kanema wothera pomwe mwana wawo ali gone pansi, ndipo anachezera kuimba foni osadziwa ngati mwanayo wathyoka kapena ali m'chipatala. Mtsikanayo naye anali akukana kutuluka m'chipinda. Mnyamatayo anandiuza kuti: "Bambo, ine ndinajambula kugwa kwake kokha. Pamene anadzuka n'kumaliza mpikisano akutsimphina, foni ndinali nditatsitsa kale, ndikulemba zoseketsa zija."

Nditamva zimenezi ndinakumbukira nkhani ya m'Buku Lachiwiri la Samuele, mutu 18. Asilikali a mfumu Davide anali atagonjetsa gulu loukira m'nkhalango ya Efuremu, koma mtsogoleri wa oukirawo, Abisalomu, anali mwana wa Davide yemweyo, ndipo anaphedwa. Panafunika munthu wokauza mfumu. Ahimaazi, mwana wa wansembe Zadoki, anadzipereka yekha. Yowabu, mkulu wa asilikali, anamuletsa, natuma munthu wina wa ku Kusi. Ahimaazi anaumirirabe, ngakhale Yowabu anamuuza kuti uthenga umenewu sumupatsa mphotho iliyonse. Atamulola, anadzera njira ya kuchigwa nampitirira mnzake uja.

Davide anali atakhala pa chipata, mlonda ali pamwamba kuyang'ana kunjira. Mlondayo anamuzindikira Ahimaazi ndi kathamangidwe kake. Anafikadi woyamba, nalengeza kuti nkhondo apambana. Koma mfumu sinafunse za kuchuluka kwa adani amene agwa. Inafunsa za mwana wake, ngati ali bwino. Apa liwiro la Ahimaazi linathera. Anayankha mozemba, kuti anangoona chipwirikiti koma sanadziwe chimene chinachitika. Mfumu inamuuza kuti aime pambali. Munthu wa ku Kusi uja anafika mochedwa, koma ndiye anayankha funso la mfumu, mosankha mawu, ndipo Davide anakwera m'chipinda cha pamwamba pa chipata akulira mwana wake.

Taonani, abale ndi alongo. Ahimaazi sanali munthu woipa. Davide mwini anamutchula kuti ndi munthu wabwino. Anali wodzipereka, wachangu, wosafuna malipiro. Chimene chinasowa n'chakuti ananyamula theka la uthenga. Ankaganiza za kufika woyamba, osaganiza za bambo amene akudikira pa chipata. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Munthu ukhoza kupitirira anzako onse, n'kukauzidwa kuti uime pambali chifukwa zimene wabweretsa sizikuthandiza amene akudikira.

Mnyamata wathu uja anachita chimodzimodzi. Kanema wake sanali wabodza: mtsikanayo anagwadi. Koma theka la choonadi limatha kuvulaza ngati bodza lenileni. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa kuchitira mnzathu umboni wonama, Mpingo umaliphunzitsa motambasula. Silikamba za m'bwalo la milandu mokha. Limaletsanso miseche, kuweruza mnzathu mopupuluma, kuulula zofooka za munthu popanda chifukwa chokwanira, ndi kumusandutsa choseketsa pagulu. Limatiuzanso kuti amene waononga mbiri ya mnzake ali ndi ngongole yoti akonze. Kale mlandu wotere unkathera pachitsime kapena pabwalo la bawo. Lero chala chimodzi chikufikitsa manyazi a munthu m'maiko atatu nsima isanapse.

Mpingo suopa zida zofalitsira nkhani. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chimene chinaona zida zimenezi ngati zinthu zodabwitsa zoti zitumikire anthu, ndipo kuyambira mu 1967 Mpingo umakhala ndi tsiku lapadera chaka chilichonse loganizira za kufalitsa nkhani. Kuno kwathu tili ndi Radio Maria ndi Luntha TV. Mu uthenga wake wa tsiku limeneli wa 2021, Papa Fransisko anadandaula za nkhani zolembedwa munthu atangokhala pa kompyuta, ndipo analimbikitsa olemba nkhani kuti azipita kumene kuli anthu, kukaona ndi maso ndi kukumana nawo. Mnyamata wathu anali pomwepo, mamita ochepa kuchokera pamene mtsikanayo anagwera. Komabe sanamuone. Anaona chinthu chokopa anthu pa tsamba lake. Munthu ukhoza kukhala pafupi ndi mnzako thupi lokha, mtima uli kowerenga anthu amene akukutsatira.

Apa pali msampha umene umakola makamaka anthu ongodzipereka, ngakhale ife a m'tchalitchi muno. Tikamagwira ntchito yosalipidwa, mtima umayamba kufunafuna malipiro ena. Wina amafuna kuti dzina lake litchulidwe pa zolengeza. Wina amafuna mpando wakutsogolo. Wa foni amafuna kuti ambiri aonere ndi kuyamikira. Ambuye Yezu, pa Mateyo mutu 6, anachenjeza kuti amene amachita zabwino kuti anthu amuone walandiriratu mphotho yake. Mnyamata wathu analandiradi yake usiku umodzi, koma amene analipira anali mtsikana wa eni ndi amayi ake.

Nanga anachita chiyani? Anachotsa kanemayo, ngakhale kuti anali atafalikira kale m'mafoni a anthu ndipo sakanatha kumubweza. Anapempha kuti aonane ndi mtsikanayo pamaso pa mayi uja, napepesa. Mtsikanayo sanalankhule zambiri, ndipo mnyamatayo sakudziwa mpaka lero ngati anamukhululukira. Ndi chilolezo chake, analemba nkhani yonse: kuti anagwa, anadzuka, namaliza. Nkhani yachiwiriyi anaiwerenga ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi oseka aja. Umo ndi mmene zimakhalira, ndipo ndi chifukwa chake kuli bwino kudekha tisanatumize kusiyana ndi kukonza titatumiza.

Anandiuzanso chinthu china chimene anaona masiku otsatira. Pa masewerawo panali mipikisano ya othamanga osaona. Ena mwa iwo amathamanga ndi mnzawo woona, atagwirizana ndi kachingwe kudzanja. Woonayo ntchito yake ndi kuuza mnzake pokhota ndi mtunda umene watsala. Saloledwa kumukoka, ndipo saloledwa kudutsa mzere womaliza mnzakeyo asanadutse. Mnyamatayo anati: "Bambo, pamenepo ndi pamene ndinamvetsa ntchito imene anandipatsa. Ine ndinali maso a anthu amene sanabwere, ndipo mpikisano sunali wanga."

Akhristu anzanga, si tonse tidzavala chiphaso pa bwalo lalikulu. Koma ambiri tili ndi foni, ndipo tili m'magulu a WhatsApp a mphakati, a kwaya, a kubanja ndi a kuntchito. Pa ngozi ya pamsewu, pa maliro, pa mpira wa achinyamata athu, pa ukwati pamene wina waledzera, aliyense wa ife amasanduka Ahimaazi. Ndamvapo kangapo za mabanja amene anadziwa za imfa ya mbale wawo poona chithunzi pa foni, akuluakulu asanafike kudzawauza mwa mwambo. Zimenezi zisamachitike ndi manja a Mkhristu.

Musanatumize chithunzi kapena nkhani, dzifunseni ngati mwatsimikiza kuti ndi zoona, ndiponso ngati ndi nkhani yonse kapena chidutswa chabe. Dzifunseni ngati mungaonetse chinthucho kwa mwini wake iye akukuyang'anani m'maso. Ndipo kumbukirani Davide pa chipata: kwinakwake kuli bambo kapena mayi amene sakufunsa za zigoli, akufunsa ngati mwana wake ali bwino. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati pali amene munamuchititsa kale manyazi mwa njira imeneyi, musathere pa kulapa kokha. Chotsani zimene munalemba, mupezeni, mupepese, ndipo munene zoona pamalo pomwe munanenapo zoipa.

Kwa inu achinyamata, sindikuti muziopa ntchito zotere. Mwayi wodzipereka ukapezeka, pitani. Mudzaphunzira kusunga nthawi, kulemba molondola ndi kukhala ndi anthu a zilankhulo zina, ndipo dziko lathu likusowa anthu odziwa kufotokoza zimene aona popanda kuwonjezera kapena kuchotsera. Mpingo wathu unayamba ndi anthu otere. M'mawa wa Pasaka, Maria wa ku Magadala anathamanga kukauza ophunzira, Petro ndi wophunzira wina uja nawonso anathamangira kumanda, ndipo pambuyo pake onse anachitira umboni zimene anaona ndi maso awo, ena mpaka kufera umboniwo. Mthenga Wabwino umene timamva pa Misa unatifika chifukwa iwo sanaupotoze kuti akondweretse anthu.

Pa Misa ya lero tipempherere onse ofalitsa nkhani, olipidwa ndi ongodzipereka, ndiponso onse amene ananyozedwapo pa intaneti. Fransisko Woyera wa ku Sales, nkhoswe ya olemba nkhani, atipempherere kuti mawu athu ndi zithunzi zathu zikhale zoona ndi zachifundo.

Ambuye akudalitseni inu nonse ndi mabanja anu sabata ino.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu