Mangawa a Mwana wa Sukulu

Munthu wocokera ku Mtendere akafuna kufika ku Yunivesite ya Zambia safunika kukwera sitima kapena kumanga kamba wa panjira. Angodzera m'Kalingalinga, ndipo ora lisanathe ali kale pa cipata ca sukulu yaikuluyo, pa mseu wa Great East. Komatu alipo anyamata ndi atsikana amene anayenda kaulendo kakafupi kameneka ndipo mpaka lero sanabwerere kwao, ngakhale matupi ao aoneka m'komboni pa maliro ndi pa Krisimasi. Nkhani ino inena za iwo amene atsiriza giredi 12 napambana, ndipo tsopano ali kumanga katundu kuti akayambe koleji, kaya ku yunivesiteyo, kaya ku Evelyn Hone, ku Chainama, kapena ku Chalimbana kumene aphunzitsi aphunzira nchito yao. Funso lace ndi ili: kodi nzeru zimene akatenge kumeneko zidzakhala za yani?

Wophunzira angayankhe msanga kuti nzace, popeza ndiye anacezera usiku ndi mabuku anzace ali m'tulo. Pamenepo sananame. Koma ayambe wamva m'mene sukuluyo inamangidwira. Pamene dziko lino linalandira ufulu pa 24 October, 1964, ana a dziko amene anali ndi digiri ya ku yunivesite anali ngati 100 okha, ndipo ameneŵa anakaitenga kunja, pakuti muno munalibe sukulu yotere. Ngakhale sekondale ya Munali, imene iri kufupi ndi Mtendere, inayamba m'caka ca 1939 cabe. Boma latsopano litapempha thandizo lomangira yunivesite, anthu wamba anasonkha. A Kenneth Kaunda, polandira udindo wa Cansala m'mwezi wa July, 1966, anakumbutsa msonkhano kuti ena mwa opereka anali anthu a m'midzi osadziŵa kuŵerenga, ana a sukulu oyenda cabe osabvala nsapato, andende ndi akhate, ndi kuti ambiri anapereka nsomba, cimanga ndi nkhuku. Ophunzira oyamba, okwana 312, anali atayamba kale maphunziro m'mwezi wa March caka comweco, ku Ridgeway. Tsono nkhalamba imene inapereka nkhuku yace sinayembekeze kudzakhala pa mpando m'sukulumo. Inapereka cifukwa ca ana amene sinawadziŵe, ndipo mmodzi wa iwo ndi uyu ali kumanga katundu lero.

Cotero wophunzira aloŵa m'koleji ali ndi mangawa aŵiri, ndipo acita bwino kuwasiyanitsa. Oyamba ndi olembedwa. Kuyambira pa lamulo la m'caka ca 2016, ndalama zimene Boma lilipirira ophunzira zipita m'manja mwa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo zambiri mwa izo ndi ngongole, si mphatso ai. Munthu asaina cipepala, ndipo akayamba nchito abweza pang'ono-pang'ono. Mangawa ameneŵa ali ndi ubwino umodzi: ali ndi ciŵerengero, ndipo tsiku lina atha. Wosaina aŵerenge mau onse asanaike dzina lace, pakuti cipepala siciiŵala.

Mangawa aciŵiri sanalembedwe pali ponse. Ndi a mai amene anakhala zaka khumi ndi ziŵiri pa msika wa Mtendere kugulitsa tomato ndi makala, naloŵa cilimba ndi anzao kuti mwana apeze yunifomu. Ndi a mlongo amene anasiya sukulu kuti ndalama zikwanire mmodzi. Ndi a amalume amene anakatenga kaloba mwezi wa mayeso. Maphunziro aulere kufikira giredi 12 anayamba m'caka ca 2022, kotero ambiri mwa iwo amene aloŵa koleji masiku ano anakula makolo ao akulipira. Mangawa otere sabwezeka ndi ndalama, cifukwa cimene cinaperekedwa ndi zaka za moyo wa munthu, ndipo zaka zilibe sitolo.

Pali njira ziŵiri zimene ophunzira alakwira mangawa aciŵiriŵa. Yoyamba, imene anthu aidziŵa bwino, ndiyo manyazi. Mnyamata afika m'koleji napeza anzace ocokera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, olankhula Cingerezi ngati anayamwira, ndipo akafunsidwa kwao ayankha mozemba, nachula dera lina la pafupi. Bodzalo ndi laling'ono, koma lifuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Maŵa mai ace akabwera pa cipata ndi kabakuli ka ndiwo, iye aŵalandirira patali kuti anzace asaone. Munthu wotere aganiza kuti akubisa umphaŵi, pamene akubisa anthu amene anamsenza. Ndipotu palibe cocititsa manyazi m'mbiri ya Mtendere. Malo ameneŵa, amene dzina lao loyamba linali Chainama Hills, anatsegulidwa m'caka ca 1967, Boma litagaŵa mapuloti kuti anthu adzimangire okha nyumba. Iwo anaumba njerwa namanga, cipinda cimodzi caka cino, cina caka camaŵa. Mtendere ndi yunivesite ndi a msinkhu umodzi, ndipo onse aŵiri anaimirira ndi thukuta la anthu osauka.

Njira yaciŵiri sichulidwa kaŵiri-kaŵiri, cifukwa ioneka ngati ukoma, koma yagwetsa ana abwino ambiri. Ndiyo kufuna kubweza mangawa nthaŵi isanakwane. Ndalama za cakudya, zimene Boma linazicotsa m'caka ca 2019 nkuzibwezeranso m'caka ca 2023, zikangoloŵa, mbiri imveka ku nyumba madzulo omwewo. Ufa watha, lendi yafika, mwana wa azakhali wadwala. Mwana wa cifundo atumiza zonse, ndipo iye atsala kumwa tiyi wopanda kanthu mpaka mwezi utha. Kenaka ayamba kufuna maganyu masana, naphonya maphunziro, ndipo pakutha pa caka dzina lace lipezeka pakati pa olephera. Pamenepo banja lataya zonse: ndalama zadyedwa, ngongole ya Boma iripo, digiri palibe. Mlimi amene adya mbeu yace mwezi wa November cifukwa ana ali kulira sali wouma mtima, koma mwezi wa April adzalira nao pamodzi. Wophunzira wa ku Mtendere ali pa ngozi imeneyi koposa mnzace wocokera ku Lundazi kapena ku Petauke, pakuti kwao nkufupi, ndipo aliyense wofuna thandizo amfikira ndi miyendo.

Kodi tsono akane abale ace? Iai. Koma adziŵe kuti nchito imene banja lamtuma ndiyo kuphunzira, ndipo kutsiriza ndiko kubweza koyamba. Cimene cifunika ndi kukhala pansi ndi akulu asanapite. Anene mwaulemu kuti, "Amai, ndalama zimene ndidzalandira nzakuti, zaka za maphunziro nzakuti, cimene ndingathe kutumiza ndi ici, ndipo coposa apa sindingathe kufikira nditatsiriza." Mau otere ndi olemera pakamwa pa mwana, ndipo ena adzati sukulu yamloŵa m'mutu. Komabe makolo ambiri, akauzidwa zoona poyambirira, ndiwo ayamba kubweza abale ofuna kumbvutitsa mwanayo.

Kunena za m'koleji mwenimwenimo, cinthu cimene cidabwitsa wacilendo ndi ufulu. Kulibe belu, kulibe mkwapulo, ndipo mphunzitsi amene ali ndi anthu mazana m'cipinda cimodzi saona kuti wakuti sanabwere. Iye anena zace natuluka, ndipo zotsalazo wophunzira akadzifunire yekha m'nyumba ya mabuku. Amene anali woyamba m'kalasi ku sekondale apeza kuti onse omzungulira analinso oyamba kwao, ndipo mayeso oyamba amtsitsa. Pamenepo manyazi aja abweranso ndi nkhope yina: aopa kufunsa, kuti angamuyese mbuli ya m'komboni. Akulu anati safunsa anadya phula. Wanzeru agogoda pa citseko ca mphunzitsi sabata yaciŵiri, osati usiku wa mayeso, ndipo afuna anzace aŵiri kapena atatu oŵerenga nao, osasamala za nsapato zimene abvala.

Malo ogona m'koleji sakwana, ndipo ambiri acita lendi m'Kalingalinga kapena agonera kwao. Wogonera kwao apulumutsa ndalama, koma ataya nthaŵi, makamaka akakhala mtsikana. Mnyamata akafika madzulo apeza nsima yaphikidwa. Mlongo wace, ngakhale ali ndi mayeso omwewo, apeza mbale, mtsuko ndi mwana wolira zikumdikira. Banja limene lasonkha ndalama kuti mtsikana aphunzire lisonkhenso maora, cifukwa buku siliŵerengeka dzanja lina liri pa mthiko. Mtsikanayo acenjerenso ndi amuna a magalimoto amene aima pa cipata mwezi ukafika pakati, ndalama zitatha. Aŵa nao akongoletsa, ndipo ciwongola dzanja cao ciposa ca kaloba.

Ciripo cimodzi cimene wophunzira angayambe kubweza lero lomwe osagwira m'thumba. M'nyumba iri yonse ya m'Mtendere muli mwana wa sukulu amene masamu amkanika, ndipo palibe womuunikira. Ora limodzi pa Ciŵeru, pa khonde, ndi mng'ono wace ndi ana a oyandikana nao, silicotsa kanthu pa digiri; ndipo pofotokozera mwana wa zaka khumi ndi zitatu, wophunzirayo azindikira msanga ngati iye mwini anamvadi zimene anaŵerenga. Mai ali pambali kusankha nyemba sangamve Cingerezi cimene cinenedwa pamenepo, koma aona mwana wao wakhala pa mphasa, ana asanu atamzinga, makope ali pa maondo.