Ambuye ananditsegula makutu m'phiri la Mulanje

Ine ndine mwana wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula. Chiyambire unyamata wanga ntchito yanga inali yonyamula zikwama za alendo okwera phiri. Ku Chambe, ku Lichenya, ngakhale ku Sapitwa kumene kuli mamita 3,002, miyendo iyi inafikako. Ndalama yake inali yochepa, koma ana ankadya.

Tsiku lina tikutsika ku Chambe mvula itagwa, ndinaterereka pa thanthwe katundu ali kumsana, bondo n'kuthyoka. Anzanga anandinyamula pa machira. Kuchipatala anachita zimene akanatha, koma anandiuza mosabisa kuti zosenza katundu ndiiwale. Miyezi yotsatirayo sindifuna ngakhale mdani wanga aione. Mayi a kunyumba anayamba ganyu yothyola tiyi, kuchoka kusanache, kubwera manja atatupa. Mwana wathu wamkulu anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ine bambo wa pakhomo ndinkangokhala pakhonde, ndodo pambali, kuonerera anzanga akudutsa ndi alendo. Usiku tulo sitinkabwera. Ndinkapemphera, koma mawu ankathera pakhosi, misozi yokha ndiyo inkatuluka.

Mulungu anatumiza mkulu wa mpingo wathu, gogo wina amene paunyamata wake ankatchera mbalame ndi ulimbo. Ankabwera kudzandiwerengera Mawu, ndipo tikatha kupemphera sankafulumira kupita. M'mawa wina anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ikulirayo ndi mbalame yanji?" Ndinangoti kakasi. Anandiuza kuti ndi mwiyo, ndipo si imodzi ayi: yaimuna ikayamba, yaikazi imalandira msangamsanga mpaka munthu kuyesa ndi khosi limodzi. Kuyambira pamenepo khonde lija linasanduka sukulu. Pumbwa, wa mutu wakuda ndi chikasu kunsi kwa mchira, ndiye amayamba phokoso m'mamawa. Nthengu ya mchira wa mphanda imatsanzira kulira kwa zinzake, choncho osathamangira kutchula dzina usanaione. Gogowo ankati khutu litsogole, diso libwere pambuyo, chifukwa m'nkhalango masamba amabisa nthenga koma sabisa mawu.

Bondo litayamba kulola, ndinkayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula. Kutsimphina kumene ndinkadandaula nako kuja ndi kumene Ambuye anagwiritsa ntchito, pakuti mbalame sizifuna munthu wothamanga. Mlendo wina amene ndinamuperekeza anaona chidwi changa, ndipo pochoka anandisiyira buku la zithunzi za mbalame ndi magalasi oonera patali. Sindinamupemphe. Ndinagwada pomwepo m'njira.

M'bukumo ndinaphunzira mayina amene alendo amafunsa. Livingstone's turaco imayamba yamveka, kulira kwake kosasa mawu kobwerezabwereza pamwamba pa mitengo. Ikakhala phee siioneka poti ndi yobiriwira, ya tsumba lalitali la nsonga zoyera, koma ikangouluka mapiko ake amati psuu ngati makala a moto. Khwangwala wa m'phiri ndi wosiyana ndi wa pamsika: wa pamsika ali ndi chifuwa choyera, pomwe wa m'phiri ndi wamkulu, wa mlomo wonenepa, ndipo choyera chili kumbuyo kwa khosi kokha. Ndikamuona akuzungulira pa mathanthwe ndimakumbukira kuti mbalame za mtundu umenewu ndi zimene Yehova anazituma kukadyetsa mneneri Eliya ku mtsinje wa Keriti.

Koma imene inasintha moyo wa pakhomo panga ndi Thyolo alethe, kambalame kofiirira kumsana, koyera pakhosi, kopezeka m'nkhalango zochepa za kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Anthu amawoloka nyanja kudzakafuna ku nkhalango ya m'chigwa cha Ruo. Chinsinsi chake n'chakuti kamatsatira linthumbu, n'kumadya tizilombo tothawa pamene linthumbulo likudutsa. Ndiye ine ndikalowa m'nkhalango ndimayang'ana pansi. Ndikapeza mzere wa linthumbu ndimauza alendo kuti aime chapatali, akhale chete, adikire. Tsiku loyamba kamene kanatera pa nthambi ya m'munsi patsogolo pathu, mayi wina wachikulire wochokera ku Ulaya analira, ndipo ine ndinalira naye, ngakhale zifukwa zathu zinali zosiyana.

Mtima umandipweteka ndikamva nkhwangwa m'nkhalango zimenezi, chifukwa mitengo ikatha kambalameka kalibe kwina kopita. Ndimapempherera zimenezo, ndipo anyamata a legeni a m'mudzi mwathu ndimawatenga Loweruka kuti akaphunzire kumvetsera.

Lero mwana wathu anabwerera kusukulu, mayi a kunyumba anasiya ganyu ija, ndipo chakhumi changa ndimapereka ndi manja awiri. Gogo aja anatsogola kwa Atate, koma anamva ndi makutu awo kuti ndayamba kuperekeza alendo. Bondo limawawabe nyengo yozizira ikafika. Pa zonsezi ndikuthokoza Mulungu wanga, amene sanandisiye pakhonde paja. Dzina lake lilemekezeke. Amen.