Mau a Mulungu ndi Mau a Mtima wa Munthu

Pali mau ena amene timamva kawirikawiri m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkope mpaka ku Mangochi. Mauwo ndi akuti, "Mulungu wandiuza." Mnyamata agulitsa ukonde wa atate ake kuti apeze ndalama ya ulendo wa ku Joni, nati Mulungu wamuuza. Mayi aleka kumwa mankhwala a kuchipatala chifukwa cha loto, nati Mulungu wamuuza. Wina asiya mpingo wake nayambitsa wina, nayenso anena chimodzimodzi. Ena mwa anthu otere amanena zoona, koma ena amangomva chilakolako cha mtima wao ndi kuchitcha dzina la Mulungu. Tsono funso lathu ndi ili: kodi Mkhristu angasiyanitse bwanji chitsogozo cha Mulungu ndi maganizo ake a iye mwini? Funsoli si la abusa okha iai, pakuti munthu akalakwa poliyankha angathe kutaya chuma, banja, ngakhale moyo umene.

Choyamba tivomereze kuti chinthuchi n'chovuta ndithu. Mulungu akafuna kulankhula ndi munthu, kawirikawiri sagwetsa mau kuchokera m'mitambo. Amalankhula m'kati mwa maganizo a munthuyo, m'chinenero chomwecho chimene munthu amadzilankhulira yekha. Mantha nao amalankhulira momwemo, ndiponso dyera, mkwiyo ndi kunyada. Onsewa amalowa pakhomo limodzi, ndipo savala zizindikiro pamphumi. Ngakhale mwana Samueli, pamene anaitanidwa usiku, katatu konse anayesa kuti akumuitana ndi Eli. Ngati mneneri anasokonezeka chotero, nanga ife?

Mtima wabwino pa wokha sukwanira. Taonani mbiri ya mpingo wa Anglican, umene uli ndi mishoni yake pa Nkope. Bishopu wake woyamba m'dziko muno, Charles Mackenzie, anafika ku Magomero m'chaka cha 1861. Anali munthu wachifundo, ndipo ataona anthu omangidwa m'magoli a ukapolo mtima wake unawawa. Mafumu a Amang'anja atampempha chithandizo, iye ndi anzake anatenga mfuti nakamenyana ndi Ayao, natentha midzi. Anakhulupirira kuti akuchita chokondweretsa Mulungu. Koma nkhondoyo sinathetse ukapolo, ndipo inachititsa kuti amishoni aoneke ngati a mbali imodzi pa mkangano wa mitundu iwiri. Akhristu ambiri a ku England anadzudzula mchitidwewo. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, ndipo mu 1864 mishoniyo inasamukira ku Zanzibar. Chifundo chake chinali choona, koma njira imene chifundocho chinasankha inayenera kuyesedwa payokha. Munthu angathe kulandira kwa Mulungu katundu wa mumtima, koma njira yosenzera katunduyo n'kuipeka yekha.

Anthu ambiri amayesa chifuniro cha Mulungu poona ngati njira yatseguka. Amati, "Ndalama yapezeka, galimoto ilipo, ndiye kuti Mulungu wavomera." Muyeso umenewu ndi wonyenga. Yona pothawa ntchito imene Mulungu anamtuma, anafika ku Yopa napeza chombo chokonzeka kale, ndi ndalama yolipira anali nayo. Zonse zinamuyendera bwino, chikhalirecho anali kuthawa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Momwemonso tsoka silisonyeza kuti munthu sanamve bwino. Chauncy Maples anadzozedwa ubishopu wa ku Likoma mu 1895, ndipo pa 2 September chaka chomwecho, ali pa ulendo wopita ku ntchito yake, bwato lake linagubuduzika ndi namondwe pa nyanja yathu yomweyi, namira. Manda ake ali ku Nkhotakota. Mnzake William Percival Johnson anadwala maso mu 1884 natsala wosaona bwino, koma anagwirabe ntchito m'mbali mwa nyanja kufikira imfa yake mu 1928. Kodi tinganene kuti anthu awa sanaitanidwe chifukwa anakomana ndi zowawa? Iai. Chotero kufewa kwa njira ndi kulimba kwake, zonse ziwiri sizitiuza kanthu pa zokha.

Nanga tiyese ndi chiyani? Pali miyeso inai imene Akhristu akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndipo munthu aliyense angathe kuigwiritsa ntchito ngakhale sanapite patali ndi sukulu.

Muyeso woyamba ndi Malembo. Mulungu sadzitsutsa. Sangauze munthu usiku chinthu chosemphana ndi chimene analamula poyera. Ganizo likakuuzani kuti musiye mkazi wanu ndi ana opanda chakudya, kapena kuti mutenge chinthu cha mwini, kapena kuti mudane ndi mbale wanu, simusowa kusala kudya kuti mudziwe kumene lachokera. Apa mpamene pali phindu lalikulu la kudziwa kuwerenga. Munthu wodziwerengera yekha Buku Lopatulika sanyengedwa msanga ndi wina amene amangotola vesi limodzi ndi kubisa ena onse.

Muyeso wachiwiri ndi kudzifunsa kuti, "Kodi apindule ndani?" Mtima wa munthu ndi wochenjera, umadziwa kuveka dyera malaya a chipembedzo. Ngati mau amene mukumva amagwirizana masiku onse ndi zimene munazifuna kale, chenjerani. Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia, anagwirako ntchito ya Mulungu ku Lungwena, tsidya lija la nyanja, ndiponso ku Nkhotakota, nadzozedwa unsembe mu 1909. Pambuyo pake anasiya nyanja ya kwao napita kutali ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Pa ulendo wotere panalibe chuma kapena ulemu womdikira. Sitinena kuti chilichonse chowawa n'chochokera kwa Mulungu, koma kuitana kumene kutilanda kanthu n'kovuta kukupeka tokha, pamene kuitana kotilemeretsa timakupeka mosavuta.

Muyeso wachitatu ndi uphungu wa anthu ena. Samueli anazindikira amene anali kumuitana chifukwa Eli, nkhalamba ya maso akhungu, anamuthandiza. Safunsa anadya phula, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ganizo lochokera kwa Mulungu siliopa kumvedwa ndi mkazi wanu, ankhoswe anu, kapena akulu a mpingo. Koma ganizo limene likuti, "Usauze munthu, angakuletse," lili ndi chinthu chimene likubisa. Posankha aphungu musafune okhawo amene amavomera zonse. Funani munthu wokukondani amene angathe kukuuzani kuti mwalakwa. Anansi athu Achisilamu, amene ali ambiri m'boma la Mangochi, naonso ali ndi pemphero lopempha Mulungu kuti awasankhire chabwino, ndipo amaphunzitsidwa kuti pemphero lotero liyende pamodzi ndi kufunsa anthu anzeru.

Muyeso wachinai ndi nthawi. Ganizo lobadwa mu mkwiyo kapena m'mantha limakakamiza kuti lichitike lero lomwe. Mukaligoneka sabata imodzi kapena mwezi, limazilala ngati moto wa mapesi. Chimene chili cha Mulungu chimakhalabe, ndipo chimabwera ndi mtendere, ngakhale chikhale cholemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona, zilipo nthawi zofuna changu, monga munthu akamamira m'madzi. Koma pa zotere Mulungu ananena kale, ndipo palibe chodikira.

Tsono wina angatsutse nati, "Ngati ndiyesa zonse ndi nzeru zanga, kodi chikhulupiriro chili pati? Kodi sindikuika nzeru zanga pamwamba pa Mulungu?" Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo yankho lake tilipeza pafupi pomwepa, ku Chembe. Amishoni a ku Scotland anafika kumeneko ndi sitima yao ya Ilala mu October 1875, namanga mudzi wa Livingstonia pa malo otchedwa Cape Maclear. Anakhulupirira kuti Mulungu wawatsogolera. Koma zitapita zaka zisanu ndi chimodzi, anali ataika m'manda anzao angapo chifukwa cha malungo, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Dotolo Robert Laws ndi anzake anawerenga manda, anaona kuchepa kwa anthu ndi kwa minda pa malowo, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kenaka ku Khondowe mu 1894. Kumeneko ntchito inakula, ndipo masukulu ake anaphunzitsa anthu ambiri. Akadaumirira kuti kusamuka ndi kusakhulupirika, akadangoonjezera manda. Nzeru yowerenga ndi kuyerekeza inachokera kwa Mulungu yemweyo amene iwo anali kumpempha. Amene anapatsa msodzi maso oonera mitambo ya mwera sakondwera msodziyo akatsinzina ndi kukankha bwato, nati akukhulupirira. Dotolo wa kuchipatala ndi mankhwala ake angathe kukhala yankho la pemphero limene munapemphera dzulo.

Chotsala n'chakuti, ngakhale titayesa ndi miyeso yonseyi, tikhalabe anthu, ndipo tingathe kuphonya. Chifukwa chake Mkhristu wanzeru amasamala kalankhulidwe kake. Kunena kuti "Mulungu wandiuza" kumatseka pakamwa pa anzathu, pakuti ndani angatsutsane ndi Mulungu? Ndipo chinthucho chikalephereka, dzina la Mulungu ndilo limanyozeka pakati pa anthu. Nkwabwino kunena kuti, "Ndapemphera, ndaganiza, ndipo ndikuyesa kuti njira ndi iyi. Inu mukuona bwanji?" Mau otere sachepetsa chikhulupiriro. Amangosonyeza kuti wolankhulayo akudziwa kuti iye si Mulungu.

Inu owerenga, musataye mtima poona kuti simunamvepo mau m'maloto kapena kuona masomphenya. Zambiri zimene Mulungu afuna kwa ife n'zodziwika kale: kunena zoona, kubweza ngongole, kulera ana, kucheza ndi odwala, kukhululukira wotilakwira. Munthu wozolowera kumvera pa zinthu zodziwikazi tsiku ndi tsiku, khutu lake limaphunzira, ndipo likadza tsiku la chosankha chachikulu sadzavutika kwambiri kuzindikira mau a Mbuye wake.